MAGAZI M'CHIMBUDZI: MUSABISE, KAPIMITSENI

Mafumu, aphunzitsi, akulu a mipingo ndi a mizikiti, amai ndi abambo nonse, ndikuthokozani kuti mwasiya makasu ndi maukonde anu kudzamva mau awa. Ena ndinu a tsidya lino la Machinga, ena mwaoloka pa mlatho wa Kamuzu Barrage kuchokera tsidya la Balaka. Ndiyambe ndi kupepesa, pakuti nkhani imene ndabwera nayo lero si yokambidwa pamaso pa apongozi. Koma akulu anati, "Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko." Ife a nchito za umoyo tamva m'mimba chifukwa cha anthu amene ali kufika kuchipatala mochedwa, ndipo tsono tiyenera kutsekula chitseko.

Nkhani yake ndi iyi: munthu wapita kukadzithandiza, ndipo waona magazi. Ambiri a ife zikatero timangokwirira nkhaniyo mumtima. Mwamuna sauza mkazi wake, mkazi sauza mwamuna wake, mwana aopa kukalipiridwa. Wina akafunsa mnzake, amuyankha kuti, "Ndi mudzi umenewo, ine ndinali nao, unatha wokha." Wina ati, "Ndi kamwazi, kagule makapisozi pa golosale." Wina ati, "Akuponda." Onsewo ali kutchula dzina la nthenda imene sanaione.

Chimene ndifuna kuti mupite nacho kwanu ndi chimodzi. Magazi m'chimbudzi si nthenda, koma chizindikiro cha nthenda. Nthenda zimene zitulutsa magaziwo nzambiri. Zina nzazing'ono, zina nzakupha, ndipo poyamba zimafanana. Palibe munthu, ngakhale dokotala, angazisiyanitse ndi pakamwa pokha osapima.

KUMENE MAGAZI ACHOKERA

Tiyambe taona njira imene nsima iyenda m'thupi. Ikachoka pakamwa itsika ndi kummero kufika m'chifu. Kuchoka m'chifu ilowa m'matumbo ang'ono, amene mwa munthu wamkulu atalika mamita pafupifupi 6. Kenaka zotsala zilowa m'matumbo akulu, otalika mita imodzi ndi theka, ndipo zitulukira kunsi. Ponse pamene papita chakudya pali mitsempha ya magazi, chotero chironda chiri chonse pa njira yonseyi chikhoza kuchucha.

Maonekedwe a magazi amatiuza kumene chirondacho chiri. Mudziwa kuti magazi a mbuzi imene yangophedwa kumene ali ofiira, koma akakhalitsa amada. Momwemonso m'thupi. Magazi ofiira piriwiri, odontha pambuyo pa chimbudzi kapena ooneka pa chopukutira, kawirikawiri achokera pafupi ndi kotulukira. Magazi oderako, osakanikirana ndi chimbudzi chenicheni, achokera mkati mwa matumbo akulu. Chimbudzi chakuda bii, chomata ngati phula la pamseu ndi chonunkha koposa masiku onse, ndiwo magazi amene achokera kumtunda, m'chifu, ndipo ada pa ulendo wao wautali.

Tsono pano pali bvuto. Chimbudzi chokumba nchabwino, ndipo nyumba iri yonse iyenera kukhala nacho, koma m'dzenje muli mdima ndipo munthu saona chimene wataya. Chifukwa chake mukakayika, dzithandizeni kamodzi pa tsamba la nthochi kapena pa pepala, muyang'ane bwino, ndipo mukatha mutaye m'dzenje ndi kusamba m'manja ndi sopo. Amai aonetsetsenso ngati magaziwo achokeradi ku njira ya chimbudzi, osati ku njira ya mkodzo kapena ya kumwezi.

KAMWAZI

Nthenda yoyamba muidziwa nonse, ndipo dzina lake lichokera ku mwazi. Munthu wa kamwazi amapita kuthengo kawirikawiri, koma zotuluka nzochepa, zosakanizika ndi magazi ndi zoterera ngati mamina. M'mimba mumapota, ndipo akangonyamuka afunanso kubwerera.

Kamwazi ali wa mitundu iwiri. Woyamba abwera ndi tizirombo totchedwa Shigella, timene anatipeza dokotala wa ku Japan, Kiyoshi Shiga, m'chaka cha 1897. Ameneyu amayamba mwadzidzidzi, patapita tsiku limodzi kapena masiku atatu munthu atameza tizirombo, ndipo thupi limatentha kwambiri. Tizirombo tochepa chabe, tosakwana ndi 100 tomwe, tikwanira kudwalitsa munthu. Nchifukwa chake nthendayi imathamanga m'nyumba, m'sukulu zogonera ndi m'misasa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kamwazi wa mtundu umenewu anabvuta kwambiri ku Zambia, kuno ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Zimbabwe, ndipo achikulire ena pano akumbuka.

Wachiwiri abwera ndi kachirombo kotchedwa amiba. Ameneyu amayamba pang'onopang'ono, thupi silitentha kwenikweni, ndipo akhoza kuleka ndi kuyambanso kwa masabata kapena miyezi. Akalekereredwa, kachiromboko nthawi zina kamafika ku chiwindi ndi kuchita chithupsa kumeneko. Mankhwala a mitundu iwiriyi ali osiyana, ndipo amene achiritsa wina sachiritsa mnzake. Munthu wogula makapisozi awiri pa golosale ali kungoponya mwala mumdima, ndiponso ali kuzoloweretsa tizirombo kuti mankhwala asamatiphe.

Mitundu yonse iwiri iyenda njira imodzi: kuchoka m'chimbudzi cha wodwala, kupita pa zala, pa nchenche kapena m'madzi, ndi kulowa m'kamwa mwa wina.

Musasokoneze kamwazi ndi kolera. Mukumbuka kuti mliri waukulu wa kolera unayamba kudziwika pompano, pa chipatala cha Boma cha Machinga, m'mwezi wa March 2022, ndipo unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Kolera atulutsa madzi ambiri onga otsukira mpunga, ndipo kawirikawiri mulibe magazi. Koma pa zonse ziwiri wodwala amwe Thanzi ORS, paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi abwino, ali pa ulendo wa kuchipatala. Mwana apitirize kuyamwa. Mankhwala oimitsa kutsekula m'mimba musampatse munthu amene ali kutaya magazi, pakuti amatsekera tizirombo mkati.

Palinso taifodi. Munthu amene watentha thupi masabata awiri kapena atatu, mankhwala a malungo osathandiza, ndipo tsono wayamba kutaya magazi, athamangitsidwe kuchipatala, chifukwa nthendayi imaboola matumbo. Katemera wa taifodi anayamba kuperekedwa kwa ana m'dziko muno m'chaka cha 2023.

LIKODZO LA M'MATUMBO

Ife a m'mbali mwa Shire tikamva za likodzo timaganiza za mnyamata wokodza magazi. Koma likodzo liri ndi mitundu iwiri. Lina likhala m'mitsempha ya chikhodzodzo ndipo magazi ake aoneka mu mkodzo. Lina likhala m'mitsempha ya matumbo ndipo magazi ake aoneka m'chimbudzi. Nyongolotsi za likodzo anazipeza dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, mu mzinda wa Cairo m'chaka cha 1851, ndipo dzina la Chingerezi la nthendayi lichokera kwa iye.

Ulendo wake uli wotere. Munthu wodwala akadzithandiza m'madzi kapena m'mphepete mwa mtsinje, mazira a nyongolotsi alowa m'madzimo ndi kuswa. Tiana take tifunafuna nkhono ya m'madzi, yaing'ono, yaphwatalala ngati ndalama yachitsulo. M'kati mwa nkhonoyo tichulukana, ndipo patapita mwezi umodzi kapena kuposerapo tituluka tambirimbiri, tosaoneka ndi maso. Msodzi wokoka khoka, mai wochapa, mlimi wa mpunga ndi mwana wosambira, onsewa tiwalowa pakhungu, ngakhale palibe bala. M'thupi tikula ndi kuyamba kuikira mazira, ndipo tikhoza kukhalamo zaka zingapo.

Mazirawo ndiwo aononga. Ena aboola khoma la matumbo kuti atuluke, ndipo potero atulutsa magazi pang'onopang'ono. Ena atengedwa ndi magazi kupita ku chiwindi, kumene akhazikika ndi kuchiumitsa. Patapita zaka, kapamba atupa, mimba idzala madzi, ndipo tsiku lina munthu asanza magazi ambiri. Abale ati walodzedwa, pamene chinayamba ndi kusambira ali mnyamata.

Kale anthu ophunzira anali kunena kuti ku Mangochi kuli likodzo la mkodzo lokha. Koma m'chaka cha 2017 nkhono za likodzo la m'matumbo zinapezeka m'nyanja ya Malawi m'boma limenelo, ndipo m'chaka cha 2018 nthendayo inapezeka mwa ana a sukulu a m'mbali mwa nyanja. Tonse tidziwa kuti Shire atuluka m'nyanja pa Mangochi, apyola m'nyanja ya Malombe, ndi kufika pano pa Liwonde. Tidziwanso kuti asodzi ndi ogula nsomba athu ayenda ku Mangochi, ku Malombe, ku Chilwa ndi ku Chiuta. Chotero munthu wa kuno akaona magazi m'chimbudzi, auze dokotala madzi onse amene wakhala ali kulowamo.

Mankhwala ake ndi mapiritsi a praziquantel, amene aperekedwa molingana ndi kulemera kapena kutalika kwa munthu. Aphunzitsi, a zaumoyo akabwera kudzagawa mapiritsiwa pa sukulu, uzani makolo tsiku lisanafike kuti ana adye asanamwe, pakuti pa mimba ya njala amachititsa chizungulire ndi nseru. Dziwaninso kuti mankhwalawa apha nyongolotsi zimene ziri m'thupi, koma saletsa kutenganso zina. Madzi osamba otunga kumtsinje akakhala m'ndowa masiku awiri, tizirombo ta likodzo timafa.

MUDZI NDI KANG'ALU

Tsopano tifike pa nthenda imene anthu amaitchula msanga. Pafupi ndi kotulukira chimbudzi pali mitsempha yofewa. Munthu akamadzimbidwa ndi kukankha mwamphamvu masiku ndi masiku, mitsemphayo itupa, ndipo chimbudzi chouma chikaikhula ichucha. Umenewu ndiwo mudzi. Magazi ake ali ofiira, adontha pambuyo pa chimbudzi, ndipo kawirikawiri sapweteka. Nthawi zina kanyama kamatuluka kunja ndi kubwerera kokha, kapena kufuna kukankhidwa ndi chala. Amai apakati ndi amene angobereka kumene amabvutika nao kwambiri, chifukwa cha kulemera kwa mwana.

Mnzake wa mudzi ndi kang'alu, ndiko kung'ambika kwa khungu la potulukira. Magazi ake ali ochepa, koma ululu wake uli ngati kuchekedwa ndi lumo, ndipo ukhoza kukhala ola lathunthu munthu atadzithandiza. Poopa ululuwo munthu amadziletsa kupita kuchimbudzi, chimbudzi chiumiratu, ndipo bala likula.

Ziwirizi sizipha munthu, ndipo mankhwala ake oyamba ali m'munda mwanu. Idyani nsima ya mgaiwa koposa ya ufa woyera. Idyani nkhwani, bonongwe, chisoso, nandolo, nyemba, mapapaya ndi mango. Imwani madzi ambiri, makamaka m'miyezi ya October ndi November pamene kuno kutentha koopsa. Musakhalitse m'chimbudzi muli kukankha. Lekani kupukutira zitsononkho ndi timitengo. Kutawasa ndi madzi, monga achitira abale athu Asilamu ndi ena ambiri, nkwabwino koposa, malinga m'manja musambe ndi sopo pambuyo pake. Musalole munthu kudula kanyamako ndi lumo kapena kuikamo mankhwala oyabwa, pakuti ena ataya magazi ambiri ndipo ena atenga mabala osapola.

Koma mverani bwino apa. Munthu akhoza kukhala ndi mudzi weniweni, ndipo pamwamba pake, mkati, pali nthenda yina. Kuona mudzi sikutanthauza kuti nkhani yatha.

CHIMBUDZI CHAKUDA

Ndanena kale kuti chimbudzi chakuda ngati phula ndiwo magazi ochokera m'chifu. Kawirikawiri chochititsa chake ndi zironda za m'mimba. Zambiri mwa zirondazi zibwera ndi kachirombo kokhala m'chifu, kamene madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, anakaonetsa poyera m'chaka cha 1982, ndipo kali ndi mankhwala ake. Zina zibwera ndi mapiritsi opha ululu, monga Aspirin, Brufen ndi Indocid. Taganizani za bambo wa kabaza amene msana umpweteka madzulo ali onse. Agula mapiritsi otere, amwa pa mimba ya njala, mawa lake chimodzimodzi, mwezi ndi mwezi, ndipo mwina atsirapo kachasu. Mapiritsiwo ali kudya khoma la chifu chake iye osadziwa.

Munthu wotere akayamba kutaya zakuda, kumva chizungulire poimirira, kapena kusanza zonga khofi, asadikire kuti kuche. Aleke mapiritsiwo pomwepo ndipo apite kuchipatala.

Pali chinthu chimodzi chimene chisakuopseni. Mapiritsi oonjezera magazi amene amai apakati alandira ku sikelo amadetsa chimbudzi. Chimenecho si chironda ai, ndipo musaleke kumwa. Koma mukakayika, funsani anamwino.

KHANSA YA M'MATUMBO

Ndifika tsopano pa chifukwa chachikulu chimene ndaimira pano. Ndikumbuka bambo wina, mlimi wa thonje, wa zaka zopitirira 50, munthu wamphamvu ndi wolemekezeka pamudzi pake. Anaona magazi nthawi yobzala, nati ndi mudzi. Anamwa zitsamba, anagula mafuta opaka, ndipo sanauze munthu. Nthawi yokolola buluku linayamba kumkhwepa, nati ndi nchito. Anafika kwa ife chaka chitatha, atanyamulidwa, chimbudzi chitatsekeka. Kupima ndi chala kwa mphindi imodzi kunapeza chotupa cholimba, koma chinali chitafalikira kale. Mkazi wake anatifunsa kuti, "Akadabwera chaka chatha, mukadachitapo kanthu?" Funso limenelo ndi lowawa kuliyankha, pakuti yankho lake ndi lakuti mwai unalipo. Paja akulu anati, "Mukabisa matenda, maliro tidzamva."

Khansa ya m'matumbo akulu imayamba ngati kanjerewere kakang'ono mkati mwa thumbo, ndipo kamakula pang'onopang'ono kwa zaka. Poyamba sipweteka konse. Ikapezeka isanafalikire, madokotala akhoza kudula mbali yodwalayo ndi kulumikiza thumbo, ndipo munthu achira. Ikafika ku chiwindi, kawirikawiri chotsala ndi kuchepetsa ululu.

Zizindikiro zake ndi izi: magazi obwerabwera kwa masabata angapo, kusintha kwa kachitidwe ka chimbudzi, lero kudzimbidwa, mawa kutsekula, kumva ngati chimbudzi sichinathe, chimbudzi chopyapyala ngati pensulo, kuonda popanda chifukwa, kutopa ndi kuyera m'manja. Nthendayi ikonda anthu a zaka 40 kapena 50 kupita m'tsogolo, koma kuno ku Africa ipezekanso mwa anthu ocheperapo msinkhu. Amene kholo lake kapena mbale wake wa bere limodzi anadwalapo nthendayi achenjere koposa.

Amene ali ndi kachirombo ka HIV adziwenso kuti chifuwa chachikulu cha m'matumbo, njerewere, zironda ndi khansa zina zikhoza kutulutsa magazi. Asaleke kumwa ma ARV, ndipo anene msanga kumene alandira mankhwala.

ZA ANA

Amai, tcherani khutu. Mwana ali yense wosakwana zaka 5 amene watsekula m'mimba ndi magazi apite kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala tsiku lomwelo.

Khanda la miyezi 3 kufikira zaka 2 likamalira modzidzimuka ndi kupinda miyendo, kenaka kukhala chete, kenaka kuliranso, kusanza, ndi kutulutsa magazi oterera, mwina thumbo lake lalowa m'thumbo linzake, monga mkono wa malaya ukapindikira mkati. Zimenezi sizidikira, ndipo kawirikawiri zifuna opaleshoni. Musataye nthawi kunena kuti ndi mano ali kumera.

Mwana wonyentchera, wa njoka za m'mimba kapena wotsekula m'mimba nthawi yaitali, nthawi zina thumbo limatuluka kunja, lofiira. Phimbani ndi kansalu koyera konyowa ndipo mupite naye kuchipatala.

Aphunzitsi, mwana amene apempha kutuluka kawirikawiri, amene wayera m'maso ndi kugona m'kalasi, muitaneni pambali, mtsikana afunsidwe ndi mphunzitsi wamkazi. Ndiponso, ngakhale nzomvetsa chisoni, magazi mwa mwana nthawi zina achokera ku kuchitidwa zoipa ndi munthu wamkulu. Mukakayika zotere, musakambirane pa bwalo la banja. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo a polisi adziwe.

ZIMENE ADZAKUCHITANI KUCHIPATALA

Ambiri amaopa chifukwa sadziwa chimene chiri kuwadikira. Tsono ndikuuzeni zonse.

Poyamba adzakufunsani mafunso. Magazi anayamba liti? Ali ofiira kapena akuda? Ali pamwamba pa chimbudzi kapena osakanikirana nacho? Mumva ululu? Thupi litentha? Mwaonda? Mumalowa m'madzi ati? Mumamwa mapiritsi anji? Kunyumba kuli wina wodwala chimodzimodzi? Yankhani zoona. Munthu amene anena kuti "m'mimba mundipweteka" osatchula magazi adzalandira mankhwala a nthenda imene alibe. Tengani kabuku kanu ka kuchipatala, ndi mapaketi a mankhwala onse amene mwamwa, a zitsamba omwe.

Chachiwiri adzayang'ana m'zikope ndi m'manja kuona ngati magazi achepa, ndi kukhudza pamimba kuti amve chiwindi ndi kapamba.

Chachitatu ndicho chimene anthu amachita nacho manyazi. Mudzagona chammbali, maondo opinda, kuseri kwa nsaru. Dokotala adzayang'ana kunja, kenaka atabvala magolovesi ndi kupaka mafuta adzapima mkati ndi chala chimodzi. Sizitenga mphindi ziwiri. Muli ndi ufulu wopempha kuti pakhale namwino kapena mbale wanu, ndipo mukhoza kufunsa ngati alipo wamkazi kapena wamwamuna mnzanu woti akupimeni. Chala chimenecho chimapeza zotupa zambiri za kumapeto kwa thumbo. Nthawi zina alowetsa kachipangizo kafupi konga kapaipi kuti aone mudzi wa mkati ndi maso.

Chachinai adzakupatsani kabotolo kuti muikemo chimbudzi pang'ono, chonga nsonga ya chala, makamaka pamene pali magazi. Chisakhudzane ndi dothi kapena mkodzo, ndipo chiperekedwe msanga chisanazizire, chifukwa amiba akafa sadziwika bwino. Ku labotale achiika pa galasi ndi kuchiyang'ana ndi makina okuza zinthu. Dzira la likodzo la m'matumbo lidziwika ndi kaminga ka pambali, pamene la likodzo la mkodzo liri ndi kaminga kunsonga. Mazira satuluka tsiku liri lonse, chotero akati mubwerenso mawa ndi china, musaganize kuti ali kukubvutitsani.

Chachisanu adzatenga magazi pa chala kuti aone kuchuluka kwake, ndipo mwina adzapempha kupima malungo ndi HIV.

Zikapanda kudziwika pa chipatala chaching'ono monga cha Ntaja, Nsanama, Ulongwe kapena Kalembo, adzakutumizani kuno ku chipatala cha Machinga kapena cha Balaka. Kuchokera apo ena atumizidwa ku Zomba, kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene akhoza kulowetsa kapaipi kofewa kokhala ndi nyali ndi kamera kuti aone mkati mwa thumbo, ndi kutapa kanyama kakang'ono kokapima. Kalata yotumizira musaisunge m'sutikesi kudikira kukolola. Ngati ndalama ya ulendo yabvuta, abale asonkhe monga asonkhera pa maliro. Ndipo ngati mwamwa mankhwala onse koma magazi sanaleke, bwererani mukanene, ngakhale kawiri kapena katatu.

MAU OTSIRIZA

Ndimalize ndi malangizo oti aphunzitsi alembe pa bolodi ndipo mafumu anene pa misonkhano.

1. Pitani kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana, ngati magazi ali ambiri kapena oundana. Ngati chimbudzi chiri chakuda ngati phula. Ngati munthu asanza magazi, akomoka kapena amva chizungulire. Ngati mimba yauma gwa ndi kupweteka. Ngati wodwalayo ndi khanda, mai wapakati kapena nkhalamba.

2. Pitani tsiku lomwelo ngati pali kutsekula m'mimba kwa magazi, ndipo wodwala amwe Thanzi ORS panjira.

3. Pitani sabata lomwelo ngati magazi ali ochepa, ngakhale palibe ululu, ngakhale aleka okha. Amene mwapitirira zaka 40, musabvomere dzina la mudzi musanapimidwe.

4. Nyumba iri yonse ikhale ndi chimbudzi chobvundikira ndi posambira m'manja. Pa madooko a asodzi ndi m'minda ya mpunga pakhalenso zimbudzi, kuti mazira a likodzo asafike kwa nkhono.

5. Madzi akumwa akhale a pa mjigo, owiritsa kapena othira klorini.

Mafumu, inu ndinu amene anthu amakumverani. Mfumu ikanena pa bwalo kuti kupimitsa si chamanyazi, amuna a m'mudzimo adzapita. Amai, funsani amuna anu mukaona kuti ali kuonda, ndipo abambo, funsani akazi anu. Chipatala cha Boma sichilipiritsa, ndipo amene agwira nchito m'menemo aona zotere tsiku ndi tsiku, kotero kuti palibe chimene mungawadabwitse nacho. Manyazi a mphindi ziwiri ndi opepuka koposa kusiya ana amasiye.

Amene ali ndi funso loti sanganene pa gulu, andipeze pambali tikabalalika.